Ntchito ya maloya oona za makampani ogwa ndi ngongole

Achinyamata ambiri a kuno ku Salima amene amalakalaka uloya amaganiza za munthu wovala mkanjo wakuda akutsutsana ndi mboni m'khoti. Koma pali nthambi ina ya zamalamulo imene ntchito yake yaikulu imachitikira pa desiki, pakati pa mafayilo ndi mabuku a ndalama, ndipo imeneyi ndi yoona za anthu ndi makampani amene alephera kubweza ngongole. Ku Malawi kuno nkhani zotere zimayendetsedwa ndi lamulo la Insolvency Act la 2016, limene linakhazikitsa ofesi ya Director of Insolvency, mkulu wa boma woyang'anira nkhani za ogwa ndi ngongole, komanso linatsegula njira yoti kampani yodwala iyambe yakonzedwanso m'malo mothamangira kuitseka. Maofesi a maloya amene amagwira ntchitoyi ali makamaka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kufupi ndi nthambi ya bwalo lalikulu la milandu yoona za malonda, ndipo kawirikawiri amaiphatikiza ndi milandu ina ya mabanki ndi makampani.

Chimene chimaumba khalidwe la mu ofesi yotere ndi chakuti ndalama zimene zatsala sizikwanira onse amene akuzifuna. Tiyerekeze kuti malo ogona alendo ku Senga Bay atsekedwa. Banki ili ndi chikole pa nyumba ndi malo, ogwira ntchito sanalandire malipiro a miyezi ingapo, a MRA akufuna msonkho wawo, ndiye palinso msodzi amene ankapereka chambo pa ngongole ndi mayi amene ankabweretsa mpunga wa kilombero, umboni wawo uli m'kope la sukulu lolembedwa pa manja. Lamulo limaika anthu onsewa pa mzere, ndipo amene ali ndi chikole, ndalama zoyendetsera ntchito yotseka kampaniyo ndi malipiro a antchito zimakhala patsogolo pa okongoza wamba, pamene eni kampani amakhala kumapeto kwenikweni. Loya wachinyamata amatumidwa kukawerenga katundu mmodzimmodzi, kuyambira mafiriji, matilesi, jenereta mpaka injini ya boti, uku antchito atakhala pansi pa mtengo akumuyang'ana ngati kuti wabwera ndi ndalama m'chikwama. Kuuza msodzi uja mwaulemu, popanda kumunamiza, kuti mwina adzalandira kachigawo kochepa chabe ka ndalama zake, ndi luso limene silimaphunzitsidwa mokwanira m'kalasi.

N'chifukwa chake mu ofesi zimenezi mumakhala bata ndi kusunga chinsinsi kwambiri. Mphekesera yakuti kampani yakutiyakuti yapita kukaonana ndi maloya ikangotuluka, okongoza onse amathamangira kukhoti, masherifu amabwera kudzalanda katundu, ndipo bizinesi imene ikanatha kupulumuka imafa sabata yomweyo. Kalaliki wolongolola pa minibasi kapena pa WhatsApp sakhalitsa pa ntchito imeneyi. Masiku oikidwa ndi khoti nawo sasuntha, kotero kuti kuweruka usiku pokonza zikalata si chinthu chachilendo, makamaka chuma chikavuta. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali ndi ngongole za madola anadzuka ngongole zawo zitakula, chikhalirecho malonda ali pomwepo. Nthawi ngati zimenezi ena akulira, maofesi awa amadzaza ndi ntchito, ndipo loya wanzeru amasamala kuti asaoneke ngati khungubwe wodikira maliro.

Ulemu wa mu ofesi ndi wa makwerero. Wamkulu wa ofesi ndi amene amasaina ndi kukumana ndi akuluakulu a banki, pamene wachinyamata amalemba, kufufuza malamulo ndi kunyamula mafayilo kupita nawo kukhoti. Ine ndimaona kuti ofesi yabwino imadziwika ndi mmene wamkulu amabwezera chikalata cholakwika: wina amangochiponya pa desiki, wina amakhala pansi n'kufotokoza chifukwa chake ndime inayake ingagwetse mlandu. Wofunsira ntchito ayenera kufufuza zimenezi kwa amene anagwirapo kumeneko, chifukwa zaka zoyambirira ndi zimene zimamanga kapena kupha luso la munthu, kuposa malipiro a mwezi woyamba.

Njira yolowera imayamba ndi digiri ya zamalamulo, monga ya ku University of Malawi ku Zomba. Lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act linakhazikitsa sukulu ya Malawi Institute of Legal Education yophunzitsa kagwiridwe ka ntchito, ndipo munthu akavomerezedwa kuimira anthu m'khoti amakhala membala wa bungwe la maloya la Malawi Law Society ndi kutenga chiphaso chaka ndi chaka. Kuchokera apo ena amakwera mpaka kukhala mmodzi mwa eni ofesi, ena amapita kukakhala maloya a banki kapena a kampani ya inshuwalansi, ndipo ena amalowa m'boma kapena kukhala oweruza.

Koma si maloya okha amene amadya za ntchitoyi. Amene amasankhidwa kuyendetsa kampani yogwa nthawi zambiri amakhala akauntanti, ndipo pamafunikanso oyerekeza mtengo wa katundu, ogulitsa pa okushoni ndi akalaliki odziwa kusunga mafayilo. Loya amene amaopa manambala amavutika kwambiri m'nthambi imeneyi, popeza sangazindikire kuti mwini kampani anasamutsira galimoto kwa mlamu wake kutatsala mwezi umodzi kuti atseke. Wophunzira wa ku Salima kapena ku Nkhotakota amene akufuna njira imeneyi asataye masamu ndi maphunziro a zamalonda poganiza kuti Chingelezi chokha n'chokwanira.