Kujambula munthu akumwa tiyi si ntchito ya ulesi

Ndatopa nako kumva achinyamata amene ndimawaphunzitsa kujambula makatuni akunena kuti anime (makatuni a ku Japan) a moyo wa tsiku ndi tsiku ndi osavuta chifukwa "mulibe chochitika". Ena amawonjeza kuti akale ndiwo ankaonetsa moyo weniweni, pomwe a masiku ano angosanduka misala ndi nthabwala zokokomeza. Zonsezi n'zabodza, ndipo bodzali likuwononga manja a ana aluso.

Ku Japan zinthu ziwirizi, kuonetsa moyo weniweni ndi nthabwala zokokomeza, zayendera limodzi kuyambira kale. Sazae-san anayamba kuulutsidwa pa Fuji TV mu 1969 ndipo akuonetsedwabe mpaka lero, ndi nthabwala zake za pabanja. Mu 1991 wopanga makatuni Isao Takahata anatulutsa filimu ya Only Yesterday, momwe ojambula anatsata ngakhale minofu ya m'masaya a munthu akamalankhula. Kenako panabwera gulu lochokera ku timakatuni ta zigawo zinayi ta m'magazini, monga Azumanga Daioh mu 2002 ndi Lucky Star mu 2007. Chimasintha ndi muyezo, osati maziko.

Taganizirani izi. Situdiyo ya Kyoto Animation inapanga K-On! mu 2009, nkhani ya atsikana oimba amene nthawi yambiri amangomwa tiyi ndi makeke. Amene anatsogolera ntchito yopanga katuniyi, Naoko Yamada, amadziwika poonetsa zamumtima mwa munthu kudzera m'miyendo yake: mmene phazi likuzengerezera pakhomo, mmene mawondo akukhudzanirana munthu akachita manyazi. Situdiyo yomweyo mu 2011 inapanga Nichijou, momwe hedimasitala amalimbana ndi gwape pabwalo la sukulu, ndipo kasoseji kothawa pa chakudya chamasana kamathamangitsidwa ngati dziko likutha. Timaseka chifukwa kasosejiko kali ndi kulemera, dzanja lomwe likukathamangira likupindika mmene dzanja limapindikira, ndipo chisoni chotaya ndiwo imene unasungira pomaliza tonse timachidziwa. Chotsanipo zimenezo, patsala phokoso basi.

Bocchi the Rock! wa 2022 ndi chimodzimodzi. Misewu ya Shimokitazawa ku Tokyo inajambulidwa mokhulupirika, magitala anajambulidwa motsatira enieni, ndiye nkhope ya mtsikana wamantha amene ndi mwini nkhaniyo ikasungunuka kapena kuphwanyika, timamva kuti mantha akewo ndi oona.

Pali mnyamata wina amene nkhani yake imandivutitsabe. Anali ndi dzanja labwino kuposa anzake onse. Maso akuluakulu, dontho la thukuta pachipumi, mtsempha wa mkwiyo, zonsezi ankazitulutsa mosavuta. Ndinamupempha kuti ajambule agogo akunyamula kapu ya tiyi wotentha, kuuzira, kumwa, n'kuika pansi. Kapuyo inkayandama. Zala sizinkaopa kutentha. Phewa silinkasuntha n'komwe. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, tenga kope, ukakhale pamalo pomwe anthu amadyera, ukaone." Anayankha kuti, "Aphunzitsi, zimenezo ndidzachita ndikadziwa kaye sitayilo." Ndalama yake anakaipereka kwa munthu wina wa pa intaneti amene ankalonjeza kumusandutsa katswiri wa anime m'masabata ochepa. Anabwerako ndi mafayilo a nkhope zopangidwa kale zoti azingosintha tsitsi. Ataona kuti zithunzi zake zonse zikufanana, anagwa ulesi, n'kusiya. Zimandiwawa, chifukwa mwanayo akanafika patali.

Anthu amenewa samalani nawo. Amagulitsa zizindikiro monga dontho la thukuta lija, chifukwa chizindikiro chimaphunzitsika madzulo amodzi. Sangakuphunzitseni kuyenda kwa munthu wotopa, popeza iwo eni sakudziwa. Musanalipire, apempheni akuonetseni masekondi asanu a munthu akuvala nsapato, ojambula okha, chithunzi ndi chithunzi. Akayamba kuzungulira, sungani ndalama yanu. Ngati akuti pulogalamu ya pa kompyuta ikuchitirani zonse, musataye nawo nthawi.

Ndipo musachedwe. Dzanja likazolowera njira zachidule kwa zaka zingapo, kulibweza kumavuta kwambiri kuposa kuliphunzitsa koyamba. Ndawaona ophunzira akulira ndi zimenezi. Yambani sabata ino ndi anthu a pakhomo panu: mayi akupeta, mng'ono wanu akusinza pa homuweki, bambo akufunafuna makiyi m'thumba. Jambulani mofulumira, musafufute, ndipo mulembe pambali kuti chinayamba kusuntha n'chiyani, mutu, phewa kapena dzanja.