Khansa ya m'magazi imaphukanso ngati nansongole

"Adokotala, mwana wa achemwali anga anakamuika mafuta a m'mafupa ku India. Ndiye kuti wachira basi?" Anandifunsa choncho mayi wina wa ku Chinamwali. Ndinawayankha kuti Mayi, tisafulumire kuvina.

Mlimi amadziwa kuti nansongole ukasiya kamuzu kamodzi m'nthaka, mvula ikagwa amaphukanso. Khansa ya m'magazi ndi chimodzimodzi. Mankhwala amphamvu amapha maselo oipa ochuluka, kenako wodwala amalandira maselo opanga magazi kuchokera kwa m'bale wake kapena munthu wina. Komabe timaselo tochepa timatha kubisala, ndipo kubwereranso kwa matendawa n'kumene kumapha ambiri mwa olandira thandizoli.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti maselo a mlendo aja sabwera kudzangopanga magazi. Amabwera ndi asilikali ake, maselo oteteza thupi, omwe amasaka khansa yotsala n'kuipha. Mu 1990, Hans-Jochem Kolb wa ku Munich, ku Germany, anasonyeza kuti khansa ikabwerera, kuwonjezera asilikali a wopereka yemwe uja kumatha kuigonjetsanso. Vuto lake, asilikaliwa sasankha bwino. Amathanso kuukira khungu, matumbo ndi chiwindi cha wodwalayo. Tikawafooketsa kwambiri ndi mankhwala, khansa imapeza mpata. Tikawalekerera, amavulaza mwini nyumba. Kafukufuku wambiri akulimbana ndi mfundo imeneyi.

Njira ina ndi kupitiriza mapiritsi olimbana ndi khansayo ngakhale munthu akuoneka wathanzi. Pa mtundu wa khansa ya m'magazi wotchedwa AML, odwala ena amakhala ndi chilema m'jini (kachidutswa ka malangizo a m'selo) yotchedwa FLT3. Kafukufuku wa SORMAIN, wochitikira ku Germany ndi Austria pa anthu 83 a chilema chimenechi, anapeza mu 2020 kuti patatha zaka ziwiri, 85 mwa 100 alionse omwa mapiritsi a sorafenib anali moyo khansa isanabwerere, pomwe mwa osamwa anali 53. Anthu 83 ndi ochepa, sindikana. Kafukufuku wina wamkulu, MORPHO, wa anthu 356, anasonyeza kuti mapiritsi a gilteritinib amathandiza makamaka amene kuyeza kozama kunawapeza ndi timaselo ta khansa totsalira.

N'chifukwa chake ndinawapempha mayi aja kuti makalata a ku India aja asawaike pansi pa sutikesi. Muli mayina a mankhwala ndi masiku oyezetsa magazi, ndipo dokotala wa kuno ku Zomba kapena ku Queens adzayambira pamenepo. Mwanayo akatuluka totupa pakhungu, akatsegula m'mimba kapena kutentha thupi, abwere naye tsiku lomwelo.