Chizungu cha maloya chimawasokonezera pati ana asukulu olankhula Chirasha?

Mwana wophunzira zamalamulo ku Moscow, Minsk kapena Almaty amatha kukhala woti Chizungu amachitha ndithu, mafilimu akumva, kucheza akucheza bwinobwino, koma mungomupatsa kontrakiti yolembedwa ndi maloya a ku London basi wayamba kukanda mutu pa tsamba loyamba lomwelo. Ambiri amati vuto ndi mawu ovuta, nde amamuuza kuti aloweze mndandanda wa mawu olo 500. Ine pa ntchito yangayi yophunzitsa Chizungu cha zamalamulo zimenezo ndimazikana. Mawuwo anabadwira m'malamulo ena, mwanayo akuphunzira malamulo enanso, nde olo aloweze bwanji amakhala alibe powakoloweka.

Ku Russia nkhani za katundu ndi makontrakiti zili m'buku limodzi lalikulu, Civil Code, gawo loyamba linayamba kugwira ntchito pa 1 January 1995, lachinayi mu 2008, ndipo kaganizidwe kake ndi kofanana ndi ka ku Germany ndi maiko ena a ku Ulaya. Jaji amayamba wapeza kaye ndime ya lamulo. Ku England zambiri za makontrakiti zili m'zigamulo za majaji, milandu yakalekale imene mpaka lero amaitchula. Ife a ku Malawi ndi Zambia tinatengera za ku England zomwezo, nde loya wathu akamaphunzira liwu amaliphunzira limodzi ndi milandu yake. Mnzake wa ku Russia mwayi umenewo alibe.

Titenge consideration. Mu dikishonale wamba mupeza kuti ndi kuganizira, koma kwa loya wa ku England ndi kanthu kamene iwe wapereka posinthana ndi lonjezo la mnzako, ndipo popanda kanthu kameneko khoti silingamukakamize kusunga lonjezolo pokhapokha litalembedwa mwapadera ngati deed. Sikuti kanthuko kafanane mtengo ndi chimene ukulandira ayi. Pa mlandu wa Chappell ndi Nestlé, House of Lords, imene nthawi imeneyo inali khoti lalikulu kwambiri ku UK, inagamula mu 1959 kuti timapepala tokutira chokoleti timene anthu ankatumiza kukampani ya Nestlé tinali mbali ya malipiro, olo kuti kampaniyo inkangotitaya. Nchifukwa chake mumamva kuti kampani yagulitsidwa pa £1. Kwa mwana wa ku Russia izi ndi zachilendo zedi chifukwa kwawo ngakhale mphatso ndi kontrakiti, ili ndi mutu wakewake mu Civil Code.

Mawu oopsa kwambiri ndi aja amaoneka ngati mukuwadziwa kale. Ku Russia kuli makhoti otchedwa arbitrazh, nde mwana amangolemba kuti arbitration court nkumapita. Pamenepo walakwitsa, chifukwa arbitrazh ndi makhoti a boma enieni oweruza milandu ya pakati pa makampani, ali ndi majaji a boma ndi apilo yomwe, pomwe arbitration pa Chizungu ndi pamene mbali ziwiri zasankha zokha amkhalapakati kunja kwa khoti, zimene Arasha amati treteisky sud. Tangoganizani ndime ya kontrakiti yonena kokathetsera mkangano italembedwa mosokoneza choncho, wina akudziwa kuti tikapita kwa amkhalapakati wina akudziwa kuti kukhoti la boma. Maloya osamala amangolemba arbitrazh court kapena commercial court kuti pasakhale chisokonezo.

Chimodzimodzi neustoika, ndalama imene mumagwirizana kuti wophwanya pangano adzalipira. Kwawo ndi chinthu cha masiku onse, chili pa ndime 330, ndipo ndime 333 imalola jaji kuichepetsa ngati yanyanya. Mwana amaimasulira kuti penalty, osadziwa kuti ku England ndime ikapezeka kuti ndi penalty khoti limakana kuigwiritsa ntchito. Amene amaloledwa ndi ma liquidated damages, kutanthauza chipukuta misozi chimene mwagwirizaniranatu mu kontrakiti, ndipo mu 2015 Supreme Court ya ku UK pa mlandu wa Cavendish Square ndi Makdessi inalongosolanso malire ake. Chosangalatsa nchakuti chaka chomwecho cha 2015 Russia nayo inabwereka zinthu zina, inawonjezera ndime 431.2 ndi 406.1 zofanana ndi warranties ndi indemnity za ku England, koma kufanana si kukhala chimodzi, makhoti awo amaziwerenga mwa njira yawo.

Tsopano galamala. Pano tisataye nthawi ndi zonse, vuto launjikana pa timawu ting'onoting'ono. Chirasha chilibe a ndi the, ngati mmene Chichewa chathu chilibenso, nde khutu silimva kusiyana. Koma mu kontrakiti a director ndi dairekita wina aliyense, the director ndi mmodzi wodziwika amene tamutchula kale, ndipo likalembedwa ndi chilembo chachikulu, the Director, ndekuti tanthauzo lake lili pa ndime ya matanthauzo kumayambiriro, pitani mukaone. Kenako shall. Kusukulu anawaphunzitsa kuti ndi mawu a zam'tsogolo, pomwe mu kontrakiti the Buyer shall pay sikulosera ayi, ndikulamula, wogula ayenera kulipira afune asafune. May ndi chilolezo, achite kapena asachite zili kwa iye. Malamulo atsopano a ku UK masiku ano amakonda must mmalo mwa shall, koma makontrakiti ambiri akadali nayo shall yo, nde uyenera kuzidziwa zonse. Palinso ka s kamodzi: damage ndi kuwonongeka kwa chinthu, damages ndi chipukuta misozi chimene khoti lalamula. Ndiye by, until, within, pamene pali masiku olipirira timawu timeneti timasintha tsiku lenileni.

China chimene sachitchula kawirikawiri ndi kasanjidwe ka mawu. Chirasha chimasintha mathero a liwu m'njira 6 kusonyeza amene wachita ndi amene wachitiridwa, nde mawu utha kuwasuntha mu chiganizo tanthauzo osasokonekera. Chizungu chimadalira malo a liwu. Mwana akalemba chiganizo chachitali mwa chizolowezi cha kwawo, maina ochita kundandalika motsatizana, woweranga amafika kumapeto osadziwa kuti ndani akuyenera kuchita chani. Ine ndimangowauza kuti yamba ndi munthu, kenako chimene achite, kenako liti, zinazo pambuyo.

Mawu apawiriapawiri aja, null and void, terms and conditions, asakuopseni. Ambiri ndi zotsalira za nthawi imene makhoti a ku England ankagwiritsa ntchito Chifalansa ndi Chilatini pambuyo pa 1066, nthawi zambiri mawu awiriwo akunena chinthu chimodzi.

Mwina mukufunsa kuti nanga akuvutikiranji. Kwa zaka zambiri madilu akuluakulu a ku Russia ankalembedwa potsatira malamulo a ku England ndipo mikangano inkathera ku London. Mlandu wa Berezovsky ndi Abramovich, anthu awiri amabizinesi a ku Russia, wa ndalama zoposa $5 biliyoni, unagamulidwa ku High Court ya ku London mu 2012, Berezovsky analuza, ndipo Abramovich anapereka umboni wake m'Chirasha kudzera mwa womasulira. Kuyambira 2022 zinthu zinasintha, makampani ambiri a maloya akunja anatseka maofesi ku Moscow, koma Chizungucho sichinathe ntchito, milandu ina ikupita ku Dubai ndi Hong Kong komwenso ndi Chizungu chomwecho. Ku Kazakhstan anachita kutsegula khoti lapadera ku Astana mu 2018, la malo a zachuma otchedwa Astana International Financial Centre (AIFC), loyendera mfundo za malamulo a ku England m'Chizungu, ndipo jaji wamkulu woyamba anali Lord Woolf.

Kaphunziridwe kamene ndimakakhulupirira ndi kosavuta kufotokoza koma kofuna khama. Liwu lililonse latsopano liphunzire ndi mlandu umodzi ndi ndime imodzi ya kontrakiti yeniyeni, kenako ulembe wekha ziganizo ziwiri zitatu zonena kuti kwanu chinthu choyandikana nacho ndi chiti ndipo chikusiyana pati. Zigamulo za ku England zimapezeka zaulere pa webusaiti ya BAILII. Amene angakwanitse alowe Vis Moot, mpikisano wa milandu yoyeserera wa ophunzira zamalamulo ku Vienna, chifukwa umayendera CISG, pangano la 1980 la malonda a pakati pa maiko, limene lili ndi malemba ovomerezeka m'Chirasha ndi m'Chizungu momwe, nde utha kuika awiriwo pambalipambali nkumaona ndime ndi ndime. Za satifiketi ya Chizungu cha zamalamulo, mayeso a ILEC a Cambridge anasiya kulembetsa mu 2016, amene alipo odziwika ndi a TOLES.

Komanso usankhiretu kuti ukuphunzira cha ku England kapena cha ku America. Wodandaula pa mlandu ku England wakhala claimant kuyambira 1999, ku America akadali plaintiff, ndipo kalata yosakaniza ziwirizi loya wa mbali inayo amaizindikira pa mzere woyamba.