Chisitima chonyamula ndege sichiyenda chokha

Ambiri akaona chithunzi cha USS Nimitz, chisitima chankhondo cha America chonyamula ndege, amaganiza kuti chisitima chotere chimadziteteza chokha panyanja. Ayi ndithu. Kukula kwakeko ndi kumene kumachigulitsa kwa adani, ndipo mfuti zakezake n'zochepa.

Mu June 1940, HMS Glorious, sitima yonyamula ndege ya Britain, inkachokera ku Norway ndi sitima ziwiri zokha zoiperekeza, popanda ndege ngakhale imodzi m'mwamba yoyang'ana adani. Sitima za Germany, Scharnhorst ndi Gneisenau, zinamiza zonse zitatu, ndipo anthu oposa 1,500 anafa.

N'chifukwa chake America imayendetsa sitima zake zonyamula ndege m'gulu. Ma destroyer, sitima zankhondo zocheperapo zoperekeza, amakhala m'mbali, kuwombera mizinga ikadali m'mwamba ndi kusaka sitima zoyenda pansi pa madzi. Ndege ya E-2 Hawkeye, yosenza radar yonga mbale pamsana, imaona kutali kumene radar ya pasitima singafike. Wolamula gulu lonselo si kaputeni wa chisitimacho, koma rear admiral, mkulu wa asilikali apamadzi woposa kaputeni.

Nanga mphamvu ya nyukiliya imene sitima ngati Nimitz zimagwiritsa ntchito? Imayendetsa chisitimacho zaka zoposa 20 osawonjezera, koma ndege zimamwa mafuta, anthu amadya. Sitima ya katundu imayandikira pambali, n'kupatsirana mafuta m'mapaipi ndi chakudya pazingwe, zonse ziwiri zikuyenda.