Madzi a m'phiri kuyera mbee si ndiye kuti ndi abwino kumwa

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva okwera mapiri akunena kuti madzi othamanga pamiyala amadziyeretsa okha, akakhala oyera mbee ndi ozizira ungomwa basi. Zafika ponditopetsa.

Tizilombo totsegula m'mimba, monga giardia, sitioneka ndi maso. Timachokera m'chimbudzi cha anthu ndi nyama, mvula n'kutikokolorera mumtsinje. Mutha kutunga pamathithi okongola ku Mulanje osadziwa kuti kumtunda wina anadzithandiza patchire. Chopusitsa n'chakuti giardia amayamba kuvuta patapita sabata imodzi kapena ziwiri, munthu atafika kale kunyumba, iye n'kumanamizira ndiwo zadzulo.

Wiritsani madzi mpaka abwate kwa mphindi imodzi. Pamalo okwera kuposa mamita 2,000 zikhale zitatu, poti kumeneko madzi amabwata asanatenthe mokwanira. Ngati mukuthira klorini, madzi amatope muyambe mwawasefa pansalu, kenako mudikire mphindi 30. Botolo lotungira lisakhale lomweramo.

Werengani nokha malangizo olembedwa pamankhwalawo, kapena funsani azaumoyo musananyamuke. Zongomva pocheza pamoto usiku musazitumize pa WhatsApp musanazitsimikize.