Belo si chindapusa: mbiri ya chikole cha kukhoti muno mu Harare

Tsiku limene mdzukulu wawo anatuluka pa belo, azakhali anga a ku Mbare anapinda lisiti n'kulimangirira pa mfundo ya chitenje, kenako anandifunsa: "Ndiye mwanangu, mlandu watha eti?" Ndinati ayi azakhali, mlandu sunayambe n'komwe. Iwo ankayesa kuti ndalama imene tinasiya kwa kalaliki wa khoti inali ngati mbuzi yolipira pabwalo la mfumu.

Belo ndi chikole chabe. Munthu akamabwera kukhoti masiku onse amene wauzidwa, ndalamayo imabwezedwa mlandu ukatha, kaya wapezeka wolakwa kaya ayi. Akathawa, boma limailanda. Zija za ku America, zoti kampani imamulipirira munthu belo n'kumudula yake ya phindu, kuno kulibe. Kuno amasonkha ndi abale, a kutchalitchi kapena a kumzikiti.

Mwambowu unachokera ku England. Kale kumeneko oweruza ankayendera maboma mwa apo ndi apo, ndipo womangidwa ankatha miyezi akudikira. Choncho ankam'pereka m'manja mwa wachibale kapena mnansi amene walumbira kuti adzabwera naye pa tsiku la mlandu. Mu 1689 Angelezi analemba lamulo loletsa kutchula belo yokwera mopitirira muyeso. Azungu atafika kuno mu 1890 n'kumanga Fort Salisbury, imene lero ndi Harare, anatenga malamulo a ku Cape Colony, ndipo belo inalowa nawo limodzi.

Koma atsamunda anali ndi khomo lina lolambalala zonsezi. Belo imapemphedwa pamene pali mlandu; nanga ngati sanakuimbe mlandu uliwonse, upempha chiyani? Ife a ku Nyasaland tikuidziwa bwino nkhaniyi, chifukwa pa 3 Malichi 1959 Dr Kamuzu Banda anagwidwa n'kutumizidwa kundende ya Gwelo, imene lero ndi Gweru muno mu Zimbabwe, ndipo anakhalako mpaka Epulo 1960 osaonekera pamaso pa woweruza. Chaka chomwecho cha 1960 kuno kunabwera lamulo lokhwimitsa chitetezo lotchedwa Law and Order (Maintenance) Act. Malamulo a nthawi ya chipwirikiti amene analengezedwa mu 1965 sanathe ndi Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu: boma la Robert Mugabe, amene iye mwini anakhala m'ndende kuyambira 1964 mpaka 1974, linawasunga mpaka 1990.

Chimene ambiri a ife tinachiona ndi maso ndi gawo 121 la Criminal Procedure and Evidence Act, lamulo la kayendetsedwe ka milandu. Majisitireti ankati akapereka belo, abale ayamba kale kupukuta misozi, woimira boma ankangoimirira n'kunena kuti boma lichita apilo. Basi, mawu ochepa amenewo, munthu ankakweranso galimoto ya ndende kukakhala masiku ena 7, ngakhale apiloyo isadzachitike n'komwe. Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa mphamvu imeneyi mu 2015.

Chinathandiza ndi malamulo atsopano oyendetsera dziko a 2013. Gawo 50 limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndiponso atulutsidwe podikira mlandu pokhapokha patakhala zifukwa zamphamvu zomusungira. Pa milandu ing'onoing'ono, apolisi enieniwo angathe kupereka belo. Pa ikuluikulu, monga kupha, nkhani imachoka kwa majisitireti wa pa khoti la ku Rotten Row muno mu Harare kupita ku High Court, ndipo kumeneko womangidwayo ndiye ayenera kusonyeza kuti n'koyenera kum'tulutsa. Papepala n'zabwino ndithu. Koma Job Sikhala, amene anali phungu wa nyumba ya malamulo, anagwidwa mu Juni 2022 n'kukhala masiku 595 akukanizidwa belo, ndiye ine sindithamangira kuombera m'manja.

Kwa ife adzukulu a anthu amene anabwera wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, vuto lalikulu nthawi zambiri si ndalama. Khoti limafunsa ngati munthu angathawe, ngati angasokoneze mboni, ndiponso ngati ali ndi malo okhazikika. Funso lomalizali limatiluma. Mnzathu wa Chishona amatchula mudzi ndi mfumu yake. Wathu amatchula chipinda cha lendi ku Epworth kapena ku Mufakose, ndipo ena malo amene ankakhala anagumulidwa mu 2005 pa ntchito ya boma yogwetsa nyumba yotchedwa Murambatsvina. Chitupa chikakhala chija chakale cholembedwa kuti "alien", n'zosavuta kuti wina anene kuti athawira ku Malawi, chonsecho mnyamatayo ngakhale pachipata cha Nyamapanda, chotulukira popita ku Malawi, sanafikepo. Gawo 43 la malamulo a 2013 linazindikira kuti obadwira muno malamulowo asanakhazikitsidwe, amene kholo lawo ndi la dziko la SADC, ndi nzika, koma alipo ambiri amene sanasinthebe zitupa zawo.

Mdzukulu wa azakhali anapulumukira pa pepala la madzi lolembedwa dzina la malemu agogo ake, limene linasonyeza kuti banjalo lakhala pa nyumba imodzi zaka zambiri. Anauzidwa kuti azigona pomwepo, asayandikire mboni, ndipo azikasainira kupolisi Lachisanu lililonse. Lachinayi madzulo azakhali amamuimbira foni kum'kumbutsa, ndipo lisiti lija analichotsa pa chitenje n'kulisunga m'Baibulo.