Kusambira Pansi pa Madzi: Kodi Nyanja Zathu Zimasiyana Pati?

Monga mphunzitsi wa kusambira pansi pa madzi ndi botolo la mpweya kumsana, masewera amene amadziwika ndi dzina loti scuba, ndimafunsidwa kawirikawiri kuti nyanja yabwino koposa kuno kwathu ndi iti, ndipo ambiri mwa ofunsawo amayembekeza kuti nditchula yakuya kwambiri. Kuya kulibe ntchito kwenikweni pa nkhaniyi. Munthu amene wangolandira satifiketi yoyamba saloledwa kupitirira mamita 18, ndipo ngakhale katswiri amene akungosambira mosangalala amalekezera pa mamita 40, kotero kuti mamita pafupifupi 700 a Nyanja ya Malawi ndi mamita 1,470 a Nyanja ya Tanganyika ndi chimodzimodzi kwa iye. Zimene ndimayang'ana ine ndi kuyera kwa madzi, mtundu wa pansi pake, nyengo, ndiponso msewu umene munthu adzadzere pobwerera kwawo akatuluka m'madzimo.

Nyanja za Chilwa, Chiuta ndi Malombe sizifuna mawu ambiri. Zonse ndi zosaya, za matope pansi, ndipo kamphepo kakangowomba madzi amavunduka mpaka munthu osaona chikhatho chake. Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Ndi nyanja ya matemba ndi mbalame, yofunika kwambiri kwa anthu a ku Zomba, Phalombe ndi Machinga, koma botolo la mpweya lilibe malo kumeneko. Malombe ili pa mtsinje wa Shire, ndipo ng'ona ndi mvuu zake n'zokwanira kuletsa mphunzitsi aliyense wanzeru. Nyanja ya Kariba nayo, ya pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, imene inapangidwa ndi damu lomwe linatha kumangidwa mu 1959, ili ndi ng'ona zambiri komanso mitengo yomira imene imakola zingwe ndi mapaipi a wosambira, choncho sindingatumizeko wophunzira.

Zotsala ndi nyanja ziwiri zikuluzikuluzo, ndipo pa Nyanja ya Malawi pokha pali kusiyana kwakukulu pakati pa kummwera ndi kumpoto. Ku Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulembedwa pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1984, zilumba za Thumbi ndi Domwe zimatchinga mphepo, miyala imatsetsereka pang'onopang'ono, ndipo mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala, zimamuzungulira munthu akangofika mamita atatu kapena anayi. Ndi malo abwino kwa munthu wamantha amene akupuma pansi pa madzi koyamba. Ku Nkhata Bay gombe limaphompha msanga, miyala yake ndi ikuluikulu yokhala ndi mapanga ndi mipata, ndipo madzi akuya ali pafupi ndi mtunda, kotero kuti wophunzira ayenera kudziwa msanga kudziimika pakati pa madzi osakwera kapena kutsika. Ku Likoma, kumene kulibe mitsinje ikuluikulu yothira matope, ndiko ndinaona madzi oyera kuposa kwina kulikonse pa nyanjayi.

Chimene chimandibwezera m'madzi amenewa chaka ndi chaka ndi khalidwe la nsomba zake, limene silioneka kwa munthu wothamanga. Tsiku lina ndinagwada pa mchenga pa mamita 12 ndi wophunzira wanga, ndipo anandikodola n'kundilozera nsomba yogona chammbali, yamawangamawanga, yooneka ngati yayamba kale kuwola. Tinadikira osagwedezeka. Kansomba kakang'ono katayandikira kuti kajompheko, chakufacho chinadzambatuka n'kukameza, kenako chinasunthira patsogolo pang'ono n'kugonanso. Ameneyo ndi kaligono, ndipo amadya motero masiku onse. Pansi pa miyala pamakhala kampango wamkazi ndi wamwamuna akulondera ana awo m'chisa, ndipo mbuna yaikazi imafungatira mazira ndi ana m'kamwa mwake kwa milungu pafupifupi itatu osadya kanthu. Wosambira amene amapalasa mwaphuma amavundula mchenga n'kubalalitsa zonsezi asanazione.

Tanganyika, imene anthu a ku Zambia amaifikira ku Mpulungu ndi ku gombe la Nsumbu, ili ndi zake zimene ife tilibe. Pali malo amene pansi ponse pamayalidwa zigoba za nkhono zakufa, ndipo m'chigoba chilichonse mumakhala kansomba kosaposa chala, kamene kamateteza nyumba yakeyo molimba mtima ngakhale kwa munthu. Mitundu ya nsomba zake ndi yocheperapo poyerekeza ndi ya kwathu, koma imasiyana kwambiri maonekedwe ndi kakhalidwe, chifukwa nyanjayo ndi yakale kwambiri. Vuto lake ndi mtunda ndi kuchepa kwa malo odzazira mpweya m'mabotolo. Kwa amene wasambira kale maulendo makumi angapo, ulendowo ndi woyenera ndalama zake. Kwa woyamba kumene, Nyanja ya Malawi ndi yapafupi, yofunda, ndipo aphunzitsi ake amapezeka.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu amene anaphunzirira ku nyanja yamchere, monga ku Durban kapena ku Pemba. Choyamba n'chakuti madzi opanda mchere samunyamula munthu ngati amchere, choncho lamba wa mtovu amene anali wokwanira kumeneko amamukokera pansi kuno, ndipo ayenera kuchotsako makilogalamu awiri kapena atatu n'kudziyesa pamalo osaya asanapite kozama.

Chachiwiri ndi chachikulu, ndipo ndi chimene chimandidetsa nkhawa koposa ng'ona. Munthu akapuma mpweya wa m'botolo pansi pa madzi, naitirojeni, imene ndi gawo lina la mpweyawo, imalowerera m'magazi ndi m'minofu, ndipo imafuna nthawi kuti ituluke pang'onopang'ono. Mpweya womuzungulira ukapepuka mwadzidzidzi, monga zimachitikira munthu akakwera phiri kapena ndege, naitirojeniyo imapanga timathovu timene timabweretsa ululu m'mfundo, dzanzi, ngakhale kufa ziwalo. Malamulo a masewerawa amati malo alionse opitirira mamita 300 pamwamba pa nyanja yamchere ndi okwera kale, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 ndipo Tanganyika pafupifupi 770. Kakompyuta ka pamkono kamene kamamuwerengera wosambira kuya ndi nthawi kayenera kuuzidwa zimenezi. Ndiyeno ganizirani munthu amene wasambira kawiri Lamlungu m'mawa ku Nkhata Bay, wadya nsima, n'kukwera galimoto kupita ku Mzuzu, mzinda umene uli pa mamita oposa 1,200, ulendo wa ola limodzi lokha. Kapena wochokera ku Cape Maclear amene akukwera msewu wa Golomoti kulowera ku Dedza, pamwamba pa mamita 1,500. Thupi lake silisiyanitsa phiri ndi ndege. Ine ndimauza ophunzira anga kuti atsate lamulo lomwelo la okwera ndege, la maola 12 akasambira kamodzi ndi maola 18 akasambira kangapo, ndipo tsiku lonyamuka lizikhala loyandama pamwamba ndi magalasi basi.

Likodzo lilipo m'magombe a mchenga ndi bango kumene anthu amasamba ndi kuchapa, kuphatikizapo ku mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, ndipo ndi bwino kukayezetsa kuchipatala pakapita miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa mankhwala ake, praziquantel, sagwira bwino tizilombo tisanakhwime. Pa za nyengo, mwera umawinditsa nyanja ndi kuziziritsa madzi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo dzinja limadzaza magombe ndi matope a mitsinje, kotero kuti amene akufuna kuona kaligono ali chigonere pa mchenga asungire tchuthi chake Seputembala, Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe.